Chokoleti Chowawa cha Amalume

Mkazi wanga anadwala shuga kuyambira ali mtsikana. Pomwe ndinkamukwatira ndinkadziwa kale za jakisoni wa m'mawa ndi wa madzulo, ndipo sizinkandidetsa nkhawa. Ndinkagwira ntchito mu ofesi ya pamgodi, ndipo chipatala cha mgodi chinkatipatsa insulini. Mgodi utatsekedwa, mankhwala anayamba kupezeka mwezi uno n'kusowa mwezi winawo. Ine ndinkakhalitsa ku Lusaka kufunafuna ntchito, iye n'kutsala kunyumba ku Chililalila.

Amalume ake, mlongo wa amayi ake, anali kapitawo pansi pa mgodi. Ntchito itatha anatsegula kantemba, kasitolo kakang'ono, ku Natuseko. Masiku amenewo katundu wakunja anali atadzaza m'tauni, ndipo iwo anaoda makatoni a chokoleti chakuda. Sichinayende malonda, pakuti ana ankachilavula chifukwa cha kuwawa. Ndiye anachisandutsa mankhwala. Ife tinakula tikumva kuti chowawa ndicho chimachiza: nimu ndi wowawa, kwinini ndi wowawa. Amalumewo ankauza aliyense kuti kunja anthu a shuga amadya chimenechi, jakisoni anasiya kalekale.

Mkazi wanga anayamba kuchepetsa jakisoni kuti botolo likhalitse, kenako anasiyiratu. Atandiitana ndinamupeza m'chipatala cha boma, akupuma mwabefu, osandizindikira. Sanadzukenso.

Amene anandiuza za chokoleticho ndi apongozi anga, amayi ake, ndipo anandiuza mopanda kukayika kulikonse. Ndi iwo ankachinyamula kuchokera ku Natuseko.

"Chinangochedwa kugwira ntchito, bambo," anatero. "Akanayamba msanga akanachira."

Ndinapita kukafunsa dokotala amene anamuona. Anati chokoleti chakuda chili ndi shuga wochepa kusiyana ndi chokoleti chotsekemera, ndipo wodwala amene akulandira bwino mankhwala akhoza kulawako kachidutswa. Koma shuga alimo ndithu, ndipo sichingalowe m'malo mwa insulini. Ndinawafotokozera apongozi. Anandimvetsera mwaulemu n'kunena kuti mlongo wawo sanganamize mwana wa m'nyumba mwake.

Kumanda amalumewo ndiwo analankhula monga mwinimbumba. Anati Mulungu anapereka, Mulungu watenga. Ine mkamwini ndinalibe mawu pamenepo. Ndinaima ndi manja kumbuyo. Chinthu chimodzi ndinachifuna kuyambira tsiku limenelo: kuti munthuyu anene ndi pakamwa pake, mlongo wake akumva, kuti chinthu chija sichinali mankhwala.

Ndinadikira. Sindinasiye kupita ku mphakati, kagulu kathu ka Akatolika ochokera kum'mawa komwe kamasonkhana m'makomo, ndipo amalumewo ndinkawapatsa moni kumeneko monga kale. Kenako tinamva kuti nawonso awapeza ndi shuga, ndipo mapemphero a Lamulungu lotsatira akachitikira kwawo.

Ndinalowa m'tauni n'kugula chokoleti chakuda chachikulu, chowawa kuposa zonse zimene zinali m'sitolo.

M'nyumba munadzaza. Amalume anakhala pampando wa ndalema, miyendo itatupa, ndipo apongozi anali pamphasa pafupi nawo. Pemphero la odwala litatha anthu anayamba kupereka zimene anabweretsa: wina mazira, wina masamba. Kwathu mphatso ya wodzazonda matenda siikanidwa, makamaka ikachokera kwa mkamwini. Ndinagwada, ndinasenda pepala, n'kupereka ndi manja awiri.

"Amalume, ndakubweretserani mankhwala anu aja."

"Mwachita bwino, mkamwini," anatero osachiyang'ana. "Ikani apo, ndidya bwino lino."

"Idyani pompano, achimwene," apongozi anatero. "Matendawa safuna kuchedwa. Ine ndinaonera pa mwana wanga."

Mkulu wina amene ankagwira nawo ntchito pansi anaseka. "Kapitawo, mwayamba liti manyazi pa chakudya? Si inu munkatha mabanzi a gulu lonse?"

"Ndangodya kumene."

"Mankhwala salira njala," ndinatero. "Ndipo jakisoni uja musiye. Musadziboole thupi ngati sefa. Si mmene munkamuuzira mwana wa mlongo wanu?"

Kuseka kunatha. Ndinali ndidakagwada, manja ali m'mwamba, ndipo sindinawatsitse. Ananyema kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo n'kukagwira m'manja. Apongozi anawayang'ana modabwa.

"Kameneko kakuchitirani chiyani? Mwana uja munkati azidya chonse, m'mawa ndi madzulo."

"Adokotala anandiletsa," anatero chapansipansi.

"Anakuletsani chifukwa chiyani, amalume?" ndinafunsa. "Lankhulani mokweza, amayi samva bwino khutu limeneli."

Anayang'ana kukhomo, kenako pansi.

"Muli shuga m'menemo. Sichichiza."

"Mwadziwa liti?" apongozi anafunsa.

Amalume anatembenuza kachidutswa kaja m'manja. Apongozi anafunsanso, mawu omwewo. Wotsogolera mapemphero anayambitsa nyimbo, koma anaimba ndi anthu awiri okha.

Ndinaika chokoleticho pamiyendo pawo n'kudzuka. Apongozi anapinda chitenje chawo, anapempha mayi wina kuti awasendezere nsapato, n'kutuluka osatsanzika. Panjira sanalire. Titafika pamphambano anandifunsa ngati mwana wawo anamva ululu pomwalira. Ndikanatha kuwanamiza. Ndinawauza kuti inde, ndipo ndinawapempha kuti akawauzenso mlongo wawo.