Njerwa Zosawotcha za Bambo Anga

Bambo anga anawotcha njerwa moyo wawo wonse ku Malemia, mpaka chifuwa chawo chinayamba kukana utsi. Ine ndinkaphunzitsa sayansi ku Domasi, uku ndikuchita kafukufuku wa digiri yachiwiri: simenti ya phulusa la mankhusu a mpunga, yolimbitsidwa ndi tiulusi ta kaboni tosaoneka ndi maso. Zonsezi zinali za pakompyuta basi. Tiulusito sindinatigwirepo ndi dzanja ngakhale kamodzi.

Loweruka lina ndinapita ndi laputopu kumudzi, ndipo pakamwa panandiyabwa. Ndinawaonetsa timipira tofiira ndi takuda titagwirana pasikirini, kompyuta ikutikoka koma osalekana, n'kuwauza kuti umu ndi mmene simenti yanga ingalimbitsire njerwa popanda moto.

"Ndiye osawotcha?" anafunsa bambo.

"Osawotcha, ababa. Ngakhale chikuni chimodzi."

"Nanga kaboniyo n'chiyani?"

"Ali ngati makala, kungoti ngosalala kwambiri."

Za mankhwala amene amachititsa phulusalo kugwirana sindinanene, chifukwa ngakhale kuntchito kwathu kunalibe. Ndinkafuna andione ngati katswiri, si china ayi.

Bambo sanandiuze zomwe ankaganiza kuchita. Chilimwe chonse ankatuta mankhusu panjinga kuchokera kuchigayo ku Songani n'kumawatentha. Makala ankasinja mumtondo wa mayi n'kusefa ndi sefa ya ufa. Anaumba njerwa zotuwa, nagwetsa khoma long'aluka la kuchipinda kwawo n'kumanga latsopano. Anzawo akumpingo atawalangiza kuti aziwotche kaye, anayankha kuti mwana wawo anaziyesa kale pamakina.

Mvula itagwa masiku atatu osakata, khomalo linasungunuka ngati mchere. Sanavulale aliyense. Ndinafika n'kupeza matope akuda ali thoo pabedi, mayi akuyanika mabulangete pampanda, osandiyang'ana n'komwe. Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinkadziwa kuti wolakwa ndine, komabe mawu amene anandidzera pakamwa anali owakalipira bambo.

Ndisanayankhule, bambo anatola chibuma n'kuchifikisa ndi zala.

"Usadandaule, mwanawe," anatero. "Zako zija zili bwinobwino, ndinaziona ndi maso angawa. Ine ndi amene sindinasinje mokwanira makala aja. Manjawa atha mphamvu."

Mpata wowauza zoona unali womwewo. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Mwina n'zimenezo, ababa."

Digiri ndinalandira, anthu n'kuwomba m'manja, koma ndimachita nayo manyazi. Bambo anamwalira chaka chotsatira akukhulupirirabe kuti vuto linali manja awo.