Kasitima ka Zitini za Mafuta

Ababa, lero ndikusesa ndapeza kasitima kanu pansi pa bedi, katachita dzimbiri. Munakapanga ndi zitini za mafuta a chithandizo tili othawa nkhondo ku Namwera, n'kuikako chumuni ndi poika malasha pomwe. Ine ndinanyinyirika kuti kachepa, ndimafuna chisitima chonyamula anthu. Munaseka n'kunena kuti, "Iyayi mama, aka ndi kamene ndinkayendetsa kwathu ku Cuamba. Sikapita kutali. Kamangokankha mabogi pasiteshoni, madzulo woyendetsa n'kukagona kwawo."

Nkhondo itatha munati mukaone kaye ngati nyumba yathu ikadalipo, kenako mudzatitenga. Amayi anamwalira akudikirabe. Pano ndatsala ndekha ndi kasitima kosapita kutali aka. Nanga inu munapitiranji kutali chonchi, Ababa?