Kalolaine ndi Dokotala Mlongo Wake

Pa kachilumba kathu ku Ha'apai, munthu akamva chibonga chikulira pa thabwa tambala asanatsike, amadziwa kuti Kalolaine wadzuka. Anayamba kumenya makungwa a ngatu, nsalu yathu ya pa ukwati ndi pa maliro, ali kamtsikana, ndipo anakalamba nayo ntchitoyo. Mwamuna wake anapita ndi nyanja ana adakali aang'ono. Anawalera yekha ndi mkono wamanja umenewo, komanso ndi pakamwa pake, poti mayiyu sankasungira munthu mawu. Ngakhale abusa ankayamba atsokomola asanamudzudzule.

Mkono womwewo ndi umene unamuululira. Tsiku lina akusamba anaukweza, naona kuti khungu la bere lamanja lachita timaenje ngati khungu la lalanje, ndipo nsonga yake yalowa m'kati. Atapapasa anapeza kambulu kolimba, kosapweteka, kosasuntha. Anachita mantha, osanama. Amayi ake anafa ndi bere lomwe linayamba choncho, akulipaka masamba a mtengo wa nonu mpaka nyumba yonse inanunkha.

Vuto linali la dokotala. Pa chipatala cha pa chilumba chachikulu panali dokotala mmodzi yekha, Semisi, mwana wa amayi aang'ono a Kalolaine. Kwathu ameneyo ndi mlongo wako, palibenso zoti msuweni. Mlongo sumakhala naye m'chipinda chimodzi, sumatchula za thupi iye ali pomwepo, ngakhale zovala zako zam'kati suyanika poti angadutse. Chikulireni awiriwa anali asanadyerepo mbale imodzi.

Kalolaine anakauza azakhali ake, a Fifita, amene mawu awo pa banjapo sankabwezedwa. Azakhaliwo anagamula msanga: mafuta a kokonati, masamba, ndi mayi wodziwa kusisita wa kumudzi wa kumpoto. Za dokotala wamkazi anati adzabwera ndi gulu la madokotala a ku likulu la dziko, Nuku'alofa, chaka chamawa, adikire. Kalolaine anamvera, mwina koyamba m'moyo mwake. Anasisitidwa nyengo yonse yokumba zilazi, koma kambulu kanangokula, ndipo kukhwapa kunatuluka mwanabere.

Amayi anzake a pa gulu la ngatu anaona kuti chibonga chake chayamba kuphonya. Lesieli, mnzake wa chibwana, anamuseka kuti kodi wapeza kamdala komutopetsa usiku. Kalolaine anangomasula bulauzi pamaso pa onse. Kuseka kunatha. Wina anayamba kulira, ndipo zimenezo n'zimene zinamukwiyitsa kwambiri, kuliridwa ali moyo.

M'mawa mwake anavala mkeka wake wabwino m'chiuno, monga timavalira kwathu posonyeza ulemu, nakwera boti. Azakhali anamutsatira mpaka pa doko akukoka mwendo, akunena kuti achititsa manyazi mtundu wonse, kuti mwana wa mchimwene wawo sangavulire mlongo wake.

"Azakhali," anatero Kalolaine, "amayi anga munawasunga bwino ndi ulemu umenewo. Ali kuti lero?"

Woyendetsa boti analiza injini ngati sanamve kanthu.

Kuchipatala anakhala pa benchi ngati wina aliyense. Namwino atatchula dzina lake analowa, ndipo Semisi atamuona anaimirira mwaulemu n'kuyamba kulunjika kukhomo, monga ankachitira kuyambira ali mnyamata. Ankaganiza kuti mlongo wake wabwera ndi uthenga wa kumudzi. Kalolaine anatseka chitseko n'kuchitsamira. Anamuuza zonse mosazungulira, khungu, nsonga, kambulu, kukhwapa. Mwamuna wamkulu wa imvi zake, wophunzira kunja, anatembenukira kukhoma, makutu ali psuu. Anati namwino angathe kuona n'kumufotokozera iye ali panja.

"Namwino ndi amene anapita kusukulu ya udokotala?" anafunsa Kalolaine. "Achimwene, ine ndikafa mudzavala chimkeka chong'ambika, mudzakhala kukhitchini mukusonkhezera moto anthu a pa maliro anga. Ulemu umenewo mudzandipatsa, ndikudziwa. Koma ine sindiufuna. Ndikufuna manja anuwo, lero."

Semisi anatembenuka n'kumuyang'ana. Kenako anapita pa mpopi, nasamba m'manja pang'onopang'ono, nauza namwino kuti aime pafupi. Anapempha mlongo wake kuti akweze manja onse, kenako agwire m'chiuno, ndipo anayang'ana, poti ntchitoyo imayamba ndi maso. Anapapasa bere ndi zala zitatu mozungulira, nafika kukhwapa ndi pamwamba pa fupa la m'khosi. Kalolaine anayang'ana kudenga, nsagwada zili gwa. Manyazi anali nawo, ochuluka, koma sanagwetse misozi.

Atatha, Semisi anamufunditsa nsalu yekha. Ananena kuti sangatsimikize kuti ndi khansa asanadule kanyama n'kukapima ku Nuku'alofa, koma zimene wapezazo sizinamusangalatse, ndipo Kalolaine akwere sitima ya pamadzi yoyamba, iye aimbiratu foni.

"Achemwali, mukanabwera kale," anatero Semisi.

Kalolaine anamanga mabatani a bulauzi mpaka la pakhosi, nakonza mkeka wake m'chiuno.

"Ndikanabwera kwa ndani?" anatero. "Tsegulani chitseko, pa benchipo pali amayi ena awiri a kwathu, ndipo onsewo ndi alongo anu."