Chishalo cha Munthu Mmodzi

Njinga yamoto ndinkaifuna ya chishalo chimodzi. Kwathu ku Kande, ukangokhala ndi malo kumbuyo ndiye kuti wasanduka kabaza waulere wa mudzi wonse: uyu kuchigayo, uyu kuchipatala, uyu akuti ungomutula pa Chintheche pompa, thumba la usipa lili pamutu. Ndiye ndinati yanga ndipanga ndekha pakhonde, yothera pomwe pathera matako anga.

Luso langa ndi kunenerera. Injini ndinaipeza kwa makaniko wina pa Chintheche. Ndinainyoza mpaka mwiniwake anayamba kupepesa. Felemu inali ya njinga yomwe inagwera m'ngalande. Chitseko cha minibasi yakufa eni ake anachita kundinyamulira, nditawauza kuti chikuwasungira njoka. Pachitseko chimenecho ndi pomwe ndinadula zitsulo za thanki ndi madigadi.

Madigadi sanavute, ndinkawapindira pa tayala lakale. Thanki ndiye inakana. Ndinkaifuna yotupa bwino ngati mimba ya kampango, koma chitsulo ukachimenyera pamwala chimangotuluka zotupatupa. Chimafuna dzenje la mtengo, losalala, kuti chizilowa pang'onopang'ono nyundo ikamagwa. Ndinasema chitsa cha mango, chinang'ambika. Kenako maso anagwera pa mtondo wa akazi anga, womwe amasinjiramo chinangwa cha kondowole. Kukamwa kwake kotakasuka, m'kati mosalala ngati mbale.

Ndinayamba mmene ndimayambira pamsika.

"Ama, mtondowu watha ntchito. Taonani mng'alu uwu."

"Ngati watha ntchito, ada, mukuusisitiranji?"

"Ndimati ndingobwereka."

"Chitsulo mumtondo mwanga? Kondowole azimveka dzimbiri?"

Ndinalonjeza kuyalamo chiguduli. Ndinalonjeza chitenje, anati ali nazo. Ndiye ndinatembenuka ngati ndikuchoka, popeza pamsika wogulitsa amakuitana usanapite patali. Iwo anangopitiriza kupeta. Ndinayenda mpaka kumpanda, n'kubwerera ndekha.

"Chabwino, nenani mtengo wanu."

"Malo kumbuyo. Ine ndi beseni langa."

"Kakaliyala kakang'ono, ka beseni lokha."

"Beseni limapita lokha kumsika?"

Ndinakayesa kwa aneba. Nkhani inali itafika kale kunyanja komwe amayi amachapa, ndipo mtondo uliwonse m'mudzimo mtengo wake unali womwewo: malo kumbuyo. Ndinaona kuti bola wokwera akhale wa m'nyumba mwanga momwe.

Mtondo unagwira ntchito, ndisaname. Ndinkaika chitsulo pakamwa pake, n'kumamenya ndi nyundo yamtengo kuyambira pakati, ndikuzunguliza. Mbali ziwiri zinatuluka zofanana ngati mapasa. Wowotcherera atazilumikiza tinathiramo madzi, osadontha ngakhale pang'ono. Koma felemu yomwe ndinali nditaidula kale kuti ifupike, ndinakailumikizanso. Akazi anga anakhala pakatoni pakhonde, ine n'kuzunguliza makala kuti ndipeze muyeso.

"Onjezerani, ada. Nyengo ya mango ndimanenepa."

Njingayo inatuluka kutsogolo ngati ya mpikisano, kumbuyo ngati benchi ya kutchalitchi. Anyamata a kabaza pa siteji anaitcha Kondowole, dzina linakanirira.

Tsiku loyamba kuikwera ndekha, ndisanafike n'komwe pa tala, msuweni wanga anali ataima kale pakati pa njira, nkhuku m'khwapa.

"Asuweni, pa Chintheche pompa!"

Ndinayang'ana kumbuyo, malo onse aja ali mbee. Pakamwa panayankha pokha.

"Malowa si anga, ndinagulitsa. Kapempheni kwa eni ake, ali kunyumba, akusinja."

Anayang'ana njira ya kwathu, anamva munsi ukugunda, n'kusintha nkhuku khwapa.

"Basi, ndidikira minibasi."

Mpaka lero palibe anapitako kukapempha. Kande yense akudziwa kuti mayi ameneyo ananenerera ine.