Galimoto Yolira Pokhota

Galimoto ya ababa ndi pikapu yakale ya fobayifo, yokoka ndi matayala onse anayi. Imanyamula anthu, nandolo ndi makala kuchokera ku Thambani kupita pa boma. Kale, dzinja lililonse inkatitimira pa chikweza china chimene chili mukangowoloka kamtsinje. Tayala limodzi lakumbuyo linkangozungulira m'matope, linzake lili phee. Ababa anandiuza kuti vuto ndi difu, chimphika chachitsulo chili pakati pa matayala akumbuyo. M'kati mwake muli timagiya tolola tayala lililonse kuthamanga palokha pokhota, ndiye pamatope mphamvu yonse imathawira ku tayala loterereka.

Ndili Fomu 1, ababa anapita nayo kwa owotcherera, timagiya tija anatimata pamodzi. Kuyambira pamenepo matayala onse awiri ankazungulira limodzi, ndipo chikweza chija inkakwera ngati mbuzi. Koma pa tala, ikamakhota, tayala lam'kati linkakwekwesa msewu, kwii kwii kwii, galimoto yonse ikutsimphina.

Ine ndimaphunzira pa sekondale yogonera konko pa boma. Tsiku lotsekera chaka tinakhala pa masutikesi athu kudikira makolo. Polowa pageti pathu pamafunika kukhota kwambiri. Galimoto yathu ndinaimva ndisanaione.

"Kodi akupha nkhumba?" anatero mtsikana wina wa m'chipinda chathu. Onse anaseka. "Ndi ya kwa ndani imeneyi?"

Ndinanyamuka pang'onopang'ono n'kukaima kuseri kwa thanki ya madzi, ndikunamizira kumanga nsapato. Ababa anatsika, chipewa chili m'manja, n'kumayang'ana uku ndi uku. Maso awo anafika pathanki, anaima pang'ono, kenaka anapitirira ngati sanaone kanthu. Ndinatuluka anthu atachepa.

"Amayi, mwaonda," anatero, pakuti ndimo amanditchulira. "Sakukudyetsani kuno?"

M'kabuku kanga kolembamo za tsiku ndi tsiku, tsiku limenelo ndinangolembamo kuti ndafika bwino kumudzi.

Potsekera teremu ya mu Disembala, galimoto inalowa pageti mwakachetechete. Ndinasangalala, ndinathamanga ndi sutikesi yanga anzanga akuona. Tili m'njira ababa anati apeza difu ina kwa ophwasula magalimoto ku Blantyre, yosamata.

"Ijayi inkadya matayala," anatero, maso ali pamsewu.

Matayala inkadya kuyambira kale, koma sindinawamvepo akudandaula.

Mvula inali itagwa m'mawa wonse. Titawoloka kamtsinje, galimoto inakwera pang'ono n'kuima. Ababa anaika fobayifo, koma tayala limodzi kutsogolo ndi limodzi kumbuyo ankangomwaza matope. Anthu onse amene anakwera kumbuyo anatsika. Panali mayi wina wochokera kuchipatala, khanda lili kumsana, nayenso anaponda m'matope mpaka m'maondo, chitenje chake chatsopano n'kuda. Khandalo linayamba kulira.

"Adalaivala," anatero bambo wina wachikulire, "si yomweyi inkakwera pano itasenza makala? Mwaitani galimotoyi?"

"Ndaiphunzitsa ulemu," anayankha ababa. "Tsopano imagwada ikaona phiri."

Anthu anaseka. Ine ndinali ndekha pampando wakutsogolo, nditauma bwinobwino, nkhope ikutentha. Ababa sanandiyang'ane. Ndinayamba kuvula nsapato.

"Khalani, amayi, muipitsa yunifolomu."

Ndinatsikabe. Ndinatola miyala pamodzi ndi azibambo n'kumaponya pansi pa tayala, kenaka ndinaika phewa pa chitseko chakumbuyo. Matope anandimenya kumaso, m'tsitsi, m'kamwa. Mayi uja anaima pambali akugwedeza mwana wake, ndipo anandiuza kuti, "Mwana wabwino iwe, wosanyada." Ndinalakalaka akanangonditukwana.

Tinatulukamo dzuwa litapendeka. Kunyumba, ababa akutsuka mapazi pakhonde, ndinawathirira madzi.

"Ababa, difu ija muimatenso."

Anapitiriza kukhula chidendene ndi mwala. "Nanga pageti?"

"Muzingolowa."

Sananene kuti inde. Koma sabata yotsatira anapita kwa owotcherera, anabwerako malaya akununkha mafuta a difu, fungo lija losachoka ndi sopo.

Potsegulira sukulu mu Januwale anandiperekeza. Chikweza tinadutsa osatsitsa munthu. Titafika pa tala ndinkauona msewu ukutha, geti likuyandikira. Ababa anachepetsa liwiro pa mtengo wa mango uli patali pang'ono ndi sukulu, n'kundiyang'ana ngati akundifunsa kuti nditsikire pomwepo. Ndinapukusa mutu.

Inalira monga kale, mwinanso kuposa. Atsikana anali pakhonde la hositelo anatembenuka, ndipo ndinamva wina akuti nkhumba ija yauka. Sindinathe kudzutsa mutu, ndinangoyang'ana maondo anga. Manyazi anali pomwepo, sanachepe. Ndinakhalabe pampando mpaka ababa atazimitsa injini, kenaka tinatsika tonse, iwo atanyamula sutikesi, ine ndowa, n'kudutsa pakati pa atsikana aja.