Miyala ya pa Denga Lathu

Lachitatu, pa 11 Julaye 1979, cha m'ma 4 koloko madzulo, wailesi inalengeza kuti Sikailabu, chombo cha ku Amereka chimene chinkazungulira dziko kumwamba, chigwa tsiku lomwelo, koma palibe ankadziwa kumene chigwere. Ndinali mu giredi 3. Anthu a mu komboni yathu ya George tinatuluka m'nyumba n'kumayang'ana kumwamba.

Malata a nyumba yathu analibe misomali. Monga nyumba zambiri za m'komboni, anali opsinja ndi miyala.

Amayi anati kwa atate, "Imwe, chitsulocho chikangogunda denga, miyala yanuyi ndiyo iphwanye anawa."

Atate anakwera n'kutsitsa miyala yonse. Bambo wa nyumba yoyandikana nafe anafuula, "Ba neba, nanga mphepo mwakamba nayo?"

Ndinayang'ana kumwamba mpaka khosi kuwawa. Khwangwala akadutsa, ndinkayesa ndi chomwecho. Chombocho sitinachione.

Dzuwa litalowa tinalowa m'nyumba, ndipo mphepo ya Julaye inayamba. Denga linachita phokoso lalikulu. Ndinathawira pansi pa tebulo poganiza kuti chafika. Koma linali lata limodzi, mphepo italitenga. Tinagona tikuona nyenyezi pa mpatawo, ine ndikuopa kuti ina iyamba kutsika.

M'mawa wailesi inati zidutswa zake zagwera ku Australia. Lata lija ndinalipeza kuseri kwa chimbudzi cha aneba. Ndinalikoka mpaka kwathu, kenako ndinayamba kupatsira atate miyala ija, umodziumodzi.