Mchira wa Khonje

Tsiku limenelo kunatentha kuyambira m'mawa, ndipo mu Al Furjan monse, dera limene ndimagwira ntchito kuno kunja kwa dziko lathu, munali zii. Chinkamveka ndi makina oziziritsa m'nyumba basi, ndi nkhunda padenga. Mliri unali utatitsekera m'mipanda. Ndinkathirira maluwa pamene mwana wa abwana anga, amene ankaphunzira pa kompyuta, anandiitana pawindo: "Ankolo, yalla, fulumirani, bwerani muone nkhandwe ya ku Ulaya." Nditaona mchira wake wofiira, ndinakumbuka wanga wa khonje.

Chinali chilimwe, ndili ku pulayimale. Aphunzitsi anatiuza kuti azungu amaitchula nkhandwe ngati munthu. Afalansa amati Renard, mpaka dzina lake lakale anasiya kulitchula. Ku Norway ndi Mikkel. Arasha amangoti kamlongo. Tinaseka mpaka misozi. Nyama yoba nkhuku n'kukhala mlongo wako! Kenaka anati potsekera sukulu tidzachita sewero, ndipo nkhandwe ndidzakhala ine.

Chimwemwe chake sindinachionenso. Amalume anandipotera mchira wa khonje, tinaupaka katondo kuti ufiire. Ndinkathamanga nawo kumjigo, kudambo, kumsika, mayina aja ndikuwaimba ngati nyimbo. Anzanga ankandigwadira mwachipongwe: "Mwadzuka bwanji, a Mikkel? Nkhuku zagona bwino?" Ndinaphunziranso kaliridwe ka nkhandwe. Dzuwa likapendeka ndinkabisala kuseri kwa nkhokwe n'kumayeserera mokweza, monyadira.

Sindinkadziwa kuti m'nyumba yoyandikana ndi nkhokweyo khanda linkadwala, kapena kuti kwathu nkhandwe ikalira pamudzi amati ndi malodza. Khandalo linamwalira. Pamaliro anthu anandiloza: "Waitana imfa ndi ameneyu." Amayi anaotcha mchira uja. Fungo la khonje lopserera ndimalimvabe. M'sewero anandichotsamo. Dzina langa la ubatizo linazimirira. Mpaka tsiku limene ndinachoka pamudzipo ndinali Nkhandwe, ndipo ndikamadutsa azimayi ena ankakokera ana awo m'nyumba.

Ndili mwana ndinkangoonapo nkhanza. Sindikanatha kumvetsa kuti munthu wofedwa amasowa pogwira, amafuna china choti aloze ndi chala. Ndinadzamvetsa ndili ndi imvi, mkazi wanga akuikidwa m'manda kumudzi, ine ndikuonera pafoni kuno chifukwa ndege zinali zitaima. Masiku amenewo inenso ndinkafunafuna woti ndimuimbe mlandu, ngakhale ndili m'pemphero, ndipo akanapezeka mwana wolira ngati nkhandwe sindidziwa chimene ndikananena.

Anthu akwathu aja ndinawakhululukira.